Chigongono Changa Chamanja

Chinayamba ngati mphekesera.
Pakafupa kakunja kwa chigongono
china chake chimanong'ona ndikabweza mpira wobwera kumanzere,
ine n'kuchiuza kuti khala chete,
kwangotsala magemu awiri.

Pofika Juni chinali chitaphunzira kukuwa.
Kapu ya tiyi inalemera ngati njerwa yonyowa.
Loko wa pakhomo panga ku Matawale
ndinkatsegula ndi dzanja lamanzere ngati wakuba,
malaya ndinkayanika osafinya,
azilira okha pachingwe mpaka madzulo.

Kutchalitchi anati, Ndaziona wasintha, ulemu wachuluka,
taonani akupereka moni atagwirizira mkono.
Sanadziwe kuti ndikutchinga moto
kuti usatsikire kuzala.

Mayi Kaliwo sanandimvere chisoni.
Anadina ndi chala chachikulu pamalo enieniwo,
ine n'kuona nyenyezi dzuwa lili paliwombo.
Zaka zingati mukumenya tenesi?
Khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuyambira ndili wotola mipira
wopanda nsapato kuseri kwa waya.
Anati, mtsempha uwu wanyenyeka ngati chingwe cha pachitsime.
Tiugogoda kuti thupi likumbuke kuti pano pali bala.

Kugogoda bala?
Ndinaseka, koma iwo anali atapaka kale mafuta ozizira
n'kugunditsa mlomo wa makinawo pakhungu.

Ta ta ta ta ta ta.
Gogomole walowa m'fupa.
Akuti ndi mafunde, koma mafunde anji opanda madzi,
olasa ngati misomali ya kalipentala?
Ndinaluma kolala ya juzi,
maso pawindo, paphiri,
pamene anyamata amatsika ndi matabwa pamutu,
makosi awo osadandaula kwa munthu.
Ndinawerenga nawo mpaka mazana asanu ndi awiri, n'kusokoneza.

Sabata yachitatu magetsi anathima tili pakati.
Gogomole anafa ndi mawu kukhosi.
M'chipindamo munatsala fungo la sipiriti
ndi belu la kabaza kunja kumsewu.
Mayi Kaliwo anangoti, basi, lero tilankhule.
Gwirani cholembera ichi monga mugwirira laketi.
Ndinagwira. Zala zinatuwa.
Mwaona? Laketi si nkhuku yoti muipotokole khosi.
Mukuopa chiyani, kuti akulandani?

Sindinayankhe.
Laketi yanga yoyamba inali yobwereka,
mwini wake ankaima pambali, akuyang'ana wotchi.

Anadula tepi yotamuka, yabuluu,
anazungulitsa makona ake ndi sizasi,
n'kuiyala kuchokera pamwamba pa dzanja
kukwera mkono ngati msewu wa ku Chawe,
kachidutswa kena chopingasa pomwe pali chilonda chosaoneka.
Anaikhula ndi chikhatho kuti igwire.
Siichiza yokha, anatero,
ingokukumbutsani kuti muli ndi mkono.

Wakabaza anandifunsa ngati ndi chizindikiro cha timu.
Mayi wogulitsa mapeyala pamsika anati, chithumwa cha makono chimenecho,
n'kundiwonjezera limodzi la pulayizi.

Masabata asanu ndi limodzi ndakhala pabenchi.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero,
koma nkhono sinamvepo mpira ukulira pakati penipeni pa zingwe.
Chiperoni chimatsika phiri n'kumeza mizere yoyera,
Asiyatu, mwana amene ndinamuphunzitsa kuponya mpira m'mwamba,
akumenya ngati mkono sudzatha.
Ndimakuwa, masula zala, iwe!
Amandiyang'ana ngati ndayamba ukalamba.

Usiku ndimakweza botolo la madzi ndi dzanja labwino,
n'kulitsitsa ndi lodwala, pang'onopang'ono,
kakhumi ndi kasanu, monga anandiuzira.
Tepi yayamba kumatuka m'mphepete, yatola ulusi wa bulangete.

Lero m'mawa ndanyamula ketulo yodzaza
ndisanakumbuke kuopa.
Ndaima nayo pakati pa khitchini, nthunzi ikukwera,
ndikumvetsera chigongono
monga umamvetsera khomo loyandikana
mkangano ukatha usiku:
kaya agona,
kaya akungopuma.